Kodi "Limited" N'chiyani? Za Kuyambitsa Kampani ndi Kupeza Loya

Tsopano popeza mwadziwa kuwerenga, maso anu sapumanso mukakhala pa ulendo. Mumawerenga zikwangwani za masitolo, zolembedwa pa zitseko za malole, ngakhale za pa matumba a feteleza ndi simenti. Kodi mwaona kuti maina ambiri a mabizinesi amathera ndi liwu lakuti Limited? Ena amalifupikitsa, amangolemba zilembo zitatu zokha: Ltd. Liwuli ndi la Chingerezi. Tanthauzo lake ndi lakuti chinthu chili ndi malire.

Nanga ndi malire a chiyani? Ndi malire a ngongole. Liwuli likuchenjeza aliyense wochita malonda ndi bizinesi imeneyo kuti ikadzagwa, okongoza adzatenga za kampani zokha, za eni ake sadzazikhudza. Nkhani imeneyi si ya anthu a masuti okha ayi. Ikukhudza inu amene mukuganiza zosonkherana ndi anzanu kuti mugule chigayo. Ikukhudzanso inu amene mumagulitsa soya kapena mtedza kwa makampani pa ngongole.

Pamene bizinesi ili inu nomwe

Ambiri a ife timachita malonda patokha. Mayi wophika mandasi, telala wa pa khonde la sitolo, bambo wa okala ya pa msika: aliyense wa awa, iye ndi bizinesi yake ndi chinthu chimodzi. Phindu likabwera ndi lake. Ngongole ikabwera ndi yakenso.

Tiyerekeze kuti bambo wa okala uja watenga katundu pa ngongole ku holoselo, ndipo malonda avuta. Mwini holoselo wapita ku khoti, wapambana mlandu. Masherifu akabwera sadzafunsa kuti za okala ndi ziti, nanga za pa nyumba ndi ziti. Adzatenga katundu wa mu okala, ndipo ndalama zikapanda kukwana akhoza kutenganso njinga yamoto, wailesi kapena ng'ombe. Mkazi ndi ana, amene sanakongole kanthu, alowa nawo m'mavuto.

Alipo ena amene analembetsa dzina la bizinesi yawo ku boma, potsata lamulo la 2012 la kalembera wa mabizinesi. Ali ndi satifiketi yake, anaipachika pa khoma. Anachita bwino, chifukwa satifiketi imeneyo imathandiza potsekula akaunti ku banki. Koma musasokoneze zinthu ziwirizi. Kulembetsa dzina si kuyambitsa kampani. Munthu wotere akadali iye yekha ndi bizinesi yake, ndipo ngongole zake zilibe malire.

Nanga anthu awiri kapena atatu akasonkha ndalama n'kumachitira limodzi malonda popanda kampani? Apa ndiye pofunika kusamala kwambiri. Mnzanu akatenga ngongole m'dzina la bizinesiyo, inu muli ku maliro kumudzi osadziwa kanthu, ngongoleyo ndi yanunso. Iye akathawira ku Joni, okongoza adzafika pakhomo panu, ndipo akhoza kufuna ndalama zonse, osati theka lokha.

Munthu wa pa pepala

Kampani ndi yosiyana ndi zonsezi. Pamaso pa lamulo, kampani ndi munthu payokha. Ilibe miyendo, sidya nsima, koma ili ndi dzina lake, ili ndi tsiku limene inabadwa, imatha kugula katundu, kukongola ndalama, kulemba anthu ntchito, kusumira munthu ku khoti, ndiponso kusumiridwa. Inu amene munaiyambitsa ndinu munthu wina, iyo ndi munthu winanso.

Mwina mukuti zimenezi ndi nthano. Imvani zimene zinachitika ku London zaka zoposa 100 zapitazo.

Kunali munthu wina dzina lake Aron Salomon, wopanga nsapato zachikopa. Anachita malonda amenewa kwa zaka zambiri payekha, ndipo zinkamuyendera. Mu 1892 anaganiza zosandutsa bizinesi yake kukhala kampani. Lamulo la kumeneko pa nthawiyo linkafuna kuti eni kampani akhale osachepera 7. Salomon anatenga mkazi wake ndi ana ake asanu, nawapatsa aliyense gawo limodzi. Iye mwini anatenga magawo 20,001. Mukawerenga bwino muona kuti magawo onse anali 20,007, ndipo pafupifupi onse anali ake.

Pasanapite nthawi yaitali malonda a nsapato anavuta, kampani ija inagwa. Katundu wake atagulitsidwa, ndalama sizinakwane kulipira onse amene kampani inawakongola. Okongozawo anadandaula. Anati kampani imeneyi ndi Salomon yemweyo, wangovala dzina lina, choncho alipire kuchokera m'thumba mwake. Makhoti awiri anagwirizana nawo. Koma mlanduwo unafika ku khoti lalikulu kwambiri la ku Britain pa nthawiyo, lotchedwa House of Lords, ndipo chakumapeto kwa 1896 oweruza a kumeneko anagamula mosiyana. Anati kampaniyo inalembetsedwa motsata lamulo, panalibe chinyengo, choncho ndi munthu payokha. Ngongole zake ndi zake, osati za Salomon.

Malamulo athu a makampani anachokera ku malamulo a ku Britain, n'chifukwa chake makhoti a kuno kwathu amatsatira mfundo yomweyi kufikira lero. Wophunzira za uloya aliyense amaudziwa mlandu wa munthu wa nsapatoyu.

Koma taganizirani za anthu amene anapereka katundu wawo ku kampani ija pa ngongole. Iwo anabwerera chimanjamanja. Lamulo limene linateteza Salomon ndi lomwelo limene linawaliza. Choncho inu alimi, pamene munthu wa galimoto lokongola afika pa mudzi kudzatenga soya wanu, nanena kuti adzalipira mwezi wamawa, yang'anani pa pepala limene akusiyirani. Ngati pali dzina lothera ndi Limited, dziwani kuti amene mwamukongoza ndi kampani. Ikagwa, galimoto lija mwina simungaligwire, pakuti likhoza kukhala la munthuyo, osati la kampani. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Tiyeni tiwerengere limodzi

Mpamba wa kampani umagawidwa m'magawo. Magawo amenewa ambiri amawatchula kuti masheya. Tengani pensulo ndi kope lanu, titsatane.

Tiyerekeze kuti anthu anayi a mudzi umodzi akufuna kuyambitsa kampani ya chigayo. Pakufunika K10,000,000. Agwirizana kuti sheya imodzi ikhale K1,000. Ndiye kuti masheya onse alipo 10,000.

Woyamba, mlimi wa fodya, wapereka K4,000,000. Masheya ake ndi 4,000.
Wachiwiri, mayi wogulitsa kaunjika, wapereka K3,000,000. Ake ndi 3,000.
Wachitatu, mphunzitsi wopuma ntchito, wapereka K2,000,000. Ake ndi 2,000.
Wachinayi, mnyamata wa kabaza, walonjeza K1,000,000. Ake ndi 1,000.

Chaka chatha bwino. Alipira magetsi, alipira ogwira ntchito, alipira msonkho, asunganso ina yokonzera makina. Yatsala K1,000,000 yoti agawane. Sadzagawana mofanana ayi. Aliyense adzalandira molingana ndi masheya ake: mlimi K400,000, mayi K300,000, mphunzitsi K200,000, mnyamata K100,000. Phatikizani muone ngati zikukwana.

Pa msonkhano wa eni kampani, nkhani ikavuta n'kufika povota, kawirikawiri amawerenga masheya, osati mitu ya anthu. Mlimi ndi mphunzitsi akagwirizana ali ndi 6,000, apambana. Mayi, mphunzitsi ndi mnyamata akagwirizana alinso ndi 6,000, ndiye kuti mlimi wagonja ngakhale ndiye anapereka zambiri. Nanga mlimi ndi mnyamata akakhala mbali imodzi, mayi ndi mphunzitsi mbali ina? Werengani nokha. Mupeza 5,000 uku, 5,000 uko. Palibe wopambana, ndipo chigayo chikhoza kuima miyezi anthu akukangana. Vuto limeneli limachuluka pa anthu awiri amene agawana masheya pakati ndi pakati chifukwa choti ndi pachibale, safuna kukhumudwitsana. Tibweranso pa nkhani imeneyi tikafika kwa loya.

Tsopano tione tsiku loipa. Chigayo chapsa, ngongole zafika K15,000,000, ndipo katundu yense wa kampani atagulitsidwa wapezetsa K9,000,000 yokha. Yapelewera K6,000,000. Kodi adzalipira ndani? Palibe. Mlimi wataya K4,000,000 yake ija, mayi wataya K3,000,000 yake, mphunzitsi chimodzimodzi. Zowawa ndithu, koma nyumba zawo, ziweto zawo ndi njinga zawo zatsala. Amenewa ndiwo malire aja.

Koma mnyamata wa kabaza ali ndi kankhani. Paja iye anangolonjeza. Ngati pa K1,000,000 ija anapereka K600,000 yokha, adzauzidwa kuti amalize K400,000 yotsalayo, ngakhale kampani yafa kale. Akamaliza imeneyo, basi, kwake kwatha.

Pamene mpanda ugwa

Musaganize kuti liwu lakuti Limited ndi mankhwala oteteza ku chilichonse. Mpanda umenewu uli ndi mipata, ndipo mpata waukulu mumautsekula ndinu nokha ndi cholembera chanu.

A banki si ana. Amadziwa bwino lomwe kuti kampani yatsopano ilibe katundu wambiri. Choncho ikapempha ngongole, kawirikawiri amauza eni ake kuti asaine pepala lina lolonjeza kuti kampani ikalephera, iwo adzabweza ndi chuma chawo. Pa Chingerezi pepalali limatchedwa personal guarantee. Nthawi zina amafunanso chikole, monga nyumba kapena puloti. Mukasaina pepala limenelo, pa ngongole imeneyo malire aja palibenso. Sitikuti musamasaine konse, pakuti nthawi zina popanda kutero ngongole simungaipeze. Koma sainani mukudziwa chimene mwaika pa moto, ndipo akunyumba kwanu adziwenso, chifukwa nyumbayo amagonamo ndi iwo.

Mpata wachiwiri ndi chinyengo. Kampani imayendetsedwa ndi anthu otchedwa madairekitala. M'kampani yaing'ono, eni ake omwewo ndiwo amakhalanso madairekitala. Dairekitala ali ndi udindo woyendetsa kampani mokhulupirika ndi mosamala. Akamatenga katundu wa anthu pa ngongole akudziwa kuti kampani singathe kulipira, kapena akamagwiritsa ntchito kampani pobera anthu, khoti likhoza kulamula kuti alipire yekha, ndipo akhoza kuimbidwanso mlandu. Salomon anapulumuka chifukwa oweruza sanapeze chinyengo.

Pali chinthu china chimene chimavuta ambiri kuchimvetsa. Ndalama za kampani si zanu, ngakhale masheya onse atakhala anu. Simungangopisa dzanja mu kabati ya chigayo kukagula ndiwo kapena kulipira fizi ya mwana. Ngati mumagwira ntchito pa chigayopo, kampani ikulipireni malipiro odziwika pa mwezi, olembedwa m'buku. Phindu mugawane pa nthawi yake. Mukabwereka, mulembe kuti mwabwereka, ndipo mubweze. Makampani ang'onoang'ono ambiri safa ndi moto kapena akuba. Amafa ndi dzanja la mwini wake, K5,000 lero, K10,000 mawa.

Ubwino wake wa nkhani yomweyi ndi uwu. Popeza chigayo ndi cha kampani, mmodzi wa eni ake akamwalira kampani siifa naye. Achibale a malemu sangabwere kudzazula makina n'kunena kuti ndi a m'bale wathu. Chimene malemu wasiya ndi masheya ake, ndipo amenewo amapita kwa olowa chuma chake, motsata wilo kapena lamulo la 2011 la chuma cha masiye. Lamulo limeneli linanenetsa kuti kulanda chuma cha masiye ndi mlandu. Amayi, mfundo imeneyi muisunge. Ngati mukugwira ntchito usana ndi usiku m'bizinesi ya banja, onetsetsani kuti dzina lanu lalembedwa pa masheya, osangoti "zathu".

Kodi kampani ikuyenerani?

Si bizinesi iliyonse imene ifunika kukhala kampani. Mayi wa mandasi sapindula kanthu poyambitsa kampani, angodzichulukitsira mapepala. Kampani imafuna mabuku osungidwa bwino. Imalipira msonkho wa K30 pa K100 iliyonse ya phindu. Chaka ndi chaka iyenera kutumiza lipoti ku boma lonena za eni ake, madairekitala ake ndi malo ake, ndipo ikapanda kutero imalipitsidwa chindapusa, mwinanso kufafanizidwa m'kaundula.

Kampani imathandiza pamene mpamba wakula, pamene muli anthu angapo, pamene mukutenga ngongole zazikulu, kapena pamene mukufuna kumagulitsa katundu ku mabungwe akuluakulu. Alimi ambiri amene akufuna kugulitsira limodzi mbewu zawo, kwa iwo kopaletivi ikhoza kukhala yabwino kuposa kampani, pakuti m'kopaletivi membala aliyense ali ndi voti imodzi, wolemera ndi wosauka yemwe. Alangizi a zaulimi akhoza kukufotokozerani za njira imeneyo.

Kalembetsedwe kake

Lamulo la makampani limene tikugwiritsa ntchito m'Malawi linakhazikitsidwa mu 2013, ndipo linayamba kugwira ntchito mu 2016. Linalowa m'malo mwa lamulo lakale la 1984. Chimodzi mwa zimene linasintha n'chakuti tsopano munthu mmodzi yekha akhoza kuyambitsa kampani. Sayenera kubwereka maina a ana ake monga anachitira Salomon.

Kampani imene tikukamba pano ndi ya anthu owerengeka, osapitirira 50, ndipo siitanira anthu wamba kudzagula masheya ake. Zilipo zina zazikulu zimene masheya ake amagulitsidwa kwa aliyense pa msika wa masheya ku Blantyre. Maina a zimenezo amathera ndi zilembo zakuti plc. Zimenezo si za phunziro lino.

Makampani amalembetsedwa kwa mkulu wa boma wotchedwa Registrar of Companies. Masiku ano ntchitoyi imachitikanso pa intaneti, choncho simuyenera kugona pa ulendo chifukwa cha fomu imodzi. Ngati kompyuta simuidziwa, pemphani mwana wanu kapena munthu amene mumamukhulupirira akuthandizeni, koma inu mukhale pambali pake, akuwerengereni chilichonse chimene akulemba.

Choyamba ndi dzina. Konzani maina awiri kapena atatu, chifukwa limene mwalikonda mwina wina analitenga kale. Dzina lofanana ndi la kampani ina salola, ngakhalenso dzina lonamiza anthu kuti kampaniyo ndi ya boma.

Kenaka mudzalemba maina a eni masheya ndi kuchuluka kwa masheya a aliyense, maina a madairekitala, ndi malo enieni a ofesi ya kampani, kumene makalata a boma ndi masamoni a ku khoti angafikire. Aliyense akhale ndi chiphaso chake cha unzika. Onetsetsani kuti dzina lalembedwa monga liliri pa chiphasocho, chilembo ndi chilembo. Dairekitala ayenera kukhala munthu wamkulu, wa zaka zosachepera 18, ndipo ayenera kuvomera yekha udindowo.

Pafunikanso malamulo a m'kati mwa kampani, onena za kachitidwe ka misonkhano, mphamvu za madairekitala ndi kagulitsidwe ka masheya. Boma linakonzeratu chitsanzo cha malamulo otere, chimene kampani ikhoza kungochitenga monga chiliri, kapena kuchisintha kuti chigwirizane ndi zofuna zake.

Mukalipira ndalama ya boma, sungani lisiti. Zonse zikayenda bwino mudzalandira satifiketi yokhala ndi dzina la kampani, nambala yake ndi tsiku. Tsiku limenelo ndilo kampani yabadwa. Zitatha izi, pitani ku MRA mukatenge nambala ya msonkho ya kampaniyo, yotchedwa TPIN. Tsekulani akaunti ya ku banki m'dzina la kampani, ndipo ndi nzeru kuti potapa ndalama pazisaina anthu awiri. Musaiwale laisensi ya malonda.

Pa zitseko za maofesi ambiri pamakhala madobadoba, olonjeza kukuchitirani zonse mwachangu. Ena a iwo amadziwadi njira, koma zinthu zikalakwika simudzawapeza, ndipo mulibe kokawadandaulira. Satifiketi yabodza imaoneka bwino ngati yeniyeni, mpaka tsiku limene a banki adzaifufuze.

Za loya

Anthu ambiri amaopa loya. Amaganiza kuti loya ndi wa munthu amene wapalamula, kapena wa anthu olemera okha. Koma ntchito yaikulu ya loya ndi kutseka mlandu usanabadwe. Ndalama imene mungamulipire kuti akulembereni pangano labwino ndi yochepa poyerekeza ndi imene mungataye mukuyenda ku khoti zaka zitatu, mukulimbana ndi mlamu wanu.

Ngati muli nokha ndipo bizinesi ndi yosavuta, mwina mafomu mungathe kuwadzaza popanda loya. Koma ngati muli awiri kapena kuposerapo, kapena wina akubweretsa malo, nyumba, galimoto kapena makina m'malo mwa ndalama, pitani kwa loya musanalembetse. Katundu mukamulowetsa m'kampani si wanunso, ndi wa kampani, ndipo kumutulutsa si chinthu chapafupi. Nkhani za malo makamaka zili ndi malamulo akeake.

Musanapite, khalani pansi nonse mukambirane mafunso ovuta, amene anthu okondana sakonda kufunsana. Wina akafuna kutuluka, masheya ake adzagulitsa kwa ndani, nanga mtengo wake adzautchula ndani? Wina akamwalira, kodi mkazi wake kapena mwana wake adzalowa m'malo mwake, kapena otsalawo adzagula masheyawo n'kupereka ndalama ku banja? Amene akhala pa chigayo tsiku lonse, fumbi lili mbuu m'mutu, adzalandira zingati kuposa amene angobwera pa tsiku logawana? Mavoti akafanana monga tinaonera paja, 5,000 uku 5,000 uko, adzadula nkhani ndani? Mayankho anu loya adzawalemba m'pangano la eni masheya, ndipo nonse mudzasaina. Lembani zimenezi pamene mukudyerabe mbale imodzi. Mukadzayambana, palibe amene adzavomere kanthu.

Nanga loya weniweni mungamudziwe bwanji? Kuvala jekete ndi kunyamula chikwama si uloya. Loya wovomerezeka ayenera kukhala ndi laisensi ya chaka chimenecho, ndipo bungwe la maloya, la Malawi Law Society, limatulutsa maina a amene ali nayo. Kufunsa kuti, "Pepani a loya, kodi tingaone laisensi yanu?" si mwano. Loya woona sakwiya nalo funso limeneli. Kudzitcha loya pamene suli loya ndi mlandu. Ndipo loya weniweni akakudyerani ndalama kapena kukunyalanyazani, mukhoza kukadandaula ku bungwe lomwelo.

Kambiranani za malipiro ntchito isanayambe. Funsani kuti ndalama yake ndi zingati, nanga ya boma ndi zingati, ndipo azilembe padera. Ndi bwino kufunsa maloya awiri musanasankhe. Mukapereka ndalama, landirani lisiti. Mapepala anu enieni, monga a malo, musawasiye popanda kalata yosonyeza kuti iye wawalandira. Zimene muuza loya wanu ndi zachinsinsi, choncho musamubisire kanthu, ngakhale ngongole zimene mukuchita nazo manyazi.

Funso lina lofunika ndi ili: kodi loyayu ndi wa ndani? Ngati mlimi wa fodya uja, amene ali ndi masheya ambiri, wabwera ndi loya wake kuti alembe pangano la nonse, dziwani kuti loyayo akutumikira amene wamutuma. Sikuti ndi wakuba ayi, akungogwira ntchito yake. Koma inu a masheya ochepa muli ndi ufulu wotenga pepalalo n'kukamuonetsa loya wina musanasaine.

Kwa amene alibe ndalama, boma linakhazikitsa bungwe la Legal Aid Bureau potsata lamulo la 2011. Lili ndi maofesi ku Lilongwe, Blantyre, Mzuzu, Zomba ndi m'maboma ena. Ntchito yake yaikulu ndi kuthandiza anthu osauka pa milandu, osati kuyambitsa makampani. Koma mayi wamasiye amene achibale akufuna kumulanda masheya a mwamuna wake, kapena munthu amene wasumiridwa ndipo alibe cholipira loya, apite kumeneko akafotokoze.

Mapepala a kampani amalembedwa m'Chingerezi, Chingerezi chake chovuta, chimene ngakhale a Fomu 4 chimawazunguza mutu. Musachite manyazi kupempha kuti akumasulireni m'Chichewa, ndime ndi ndime. Safunsa anadya phula. Kukambirana kwanu kukhoza kuyenda motere:

"Pepani a loya, pa tsamba ili ndikuona dzina langa ndi nambala ya puloti yanga. Pamenepa akuti chiyani?"

"Mayi, apa akuti kampani ikalephera kubweza ngongole, mudzabweza ndinu, ndipo puloti yanuyi ndiye chikole."

"Ngongole yonse, kapena gawo langa lokha?"

"Monga palembedwera apa, yonse. Ngati mukufuna kuti ikhale ya gawo lanu lokha, tiyenera kukapempha a banki kuti asinthe mawuwa musanasaine."

Mwaona? Mayiyu Chingerezi sachidziwa, koma anatha kuwerenga dzina lake ndi nambala, ndipo zimenezo zinamukwanira kufunsa funso loyenera.

Chenjezo lina ndi la kwa inu amene mwangophunzira kumene kusaina. Wachibale wa m'tauni akhoza kubwera ndi fomu, nanena kuti, "Malume, tangosainani apa, ndikufuna dzina lanu lokha, zina zonse ndichita ndekha." Mukasaina, mwina mwasanduka dairekitala wa kampani imene simukuidziwa. Ikadzabera anthu kapena kuzemba msonkho, dzina limene lili m'kaundula wa boma ndi lanu, ndipo kunena kuti "sindinkadziwa" sikungakupulumutseni msanga. Musasaine pepala lopanda kanthu, kapena fomu yokhala ndi mipata yosadzaza. Pepala lililonse limene mwasaina, pemphani lina lofanana nalo mupite nalo kunyumba, mukalisunge m'pulasitiki, kutali ndi chiswe.

Zochita

Lembani siginecha yanu kasanu m'kope lanu, muone ngati ikufanana nthawi zonse. A banki amayerekeza.

Bwererani ku kampani ya chigayo ija. Ngati phindu logawana litakhala K2,500,000, kodi mayi wa kaunjika adzalandira zingati? Nanga mnyamata wa kabaza?

Sabata ino, lembani maina atatu a mabizinesi othera ndi Limited kapena Ltd amene muwaone pa msika, pa msewu kapena pa mapaketi a m'nyumba mwanu. Mubwere nawo ku kalasi, mudzawawerengere anzanu.